Dziwe Lobiriwira la Amalume ku Kanyama

Ndikukumbukira dziwe la amalume anga, a Tembo, kuseri kwa nyumba yawo ku Kanyama. Linali dzenje losiyidwa ndi okumba miyala, limene amalume analimata ndi simenti, n'kuthiramo madzi a pachitsime, n'kuikamo tiana ta nsomba. Ine ndinali nditangofika kumene kuchokera kumudzi ku Katete, kamtsikana kamanyazi kovomera chilichonse. Ana a mukomboni ankaseka kalankhulidwe kanga, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkathawira kudziweko. Ntchito yodyetsa nsomba gaga inasanduka yanga.

Nsombazo zinali kale ndi kopita. Mwana wa amalume, asisi Esinati, ankakwatiwa mvula isanagwe, ndipo amalume anali atalonjeza makolo a mkamwini kuti pa chilanga mulilo, tsiku limene akuchikazi amasenza zakudya kupita nazo kuchimuna, padzakhala nsomba za m'dziwe lawolawo. Anazinena pagulu, atavala jekete.

Wina anawauza kuti kathumba ka manyowa a nkhuku kakamizidwa m'dziwe madzi amabiriwira, ndipo nsomba zimanenepa ndi kubiriwirako. Zinali zoona. Koma amalume anakulira m'munda wa chimanga, kumene manyowa akachuluka ndiye bwino. Anamiza thumba, kenako linzake, ndipo tsiku lina anawazamo feteleza wobereketsa amene anatsala kudimba.

Poyamba madzi anali ngati tsamba lanthete. Kutentha kwa Okutobala kutafika anasanduka ngati therere, ndipo mphepo ikaomba kunkabwera kafungo ka matope. Ndere imene ndinkaidziwa kudambo kwathu inali ya ulusi, yokola m'zala. Iyi inali fumbi chabe, yopanda mizu, yopanda masamba. Ndinatunga madziwo m'mabotolo awiri kuti ndiione bwino. Limodzi ndinaliika padzuwa, ndipo m'mbali mwake munkamera timathovu tating'ono ngati maso a kapenta. Linalo ndinalibisa pansi pa bedi. Patapita masiku, zobiriwira zija zinafa, zinadikha pansi, ndipo nditatsegula fungo lake linandithamangitsa.

Chinanso chinkandizunguza mutu. Masana nsomba zinkasewera bwinobwino, koma m'mamawa ndikamasesa pabwalo ndinkazipeza zonse zili pamwamba, kukamwa yasa. Ndinagwada n'kuwauza amalume monong'ona. Iwo anaseka, nati zikupempha chakudya, ndiwonjezere gaga. Ndinawonjezera. M'mawa wina tinapeza zingapo zitagadama, mimba zoyera kumwamba. Amalume anaima akuziyang'ana, manja ali kumbuyo. Ndinkaona kuti vuto lili m'madzi, koma kwathu mwana sawongola malume ake.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala bana Mwape, mayi wa Chibemba wokulira ku Luapula, amene ankagulitsa nsomba zouma kumsika. Iwo ndi amalume ankanyozana tsiku lililonse, ndipo ndinkadabwa kuti sayambana. Ndinadzamva kuti ndi chimbuya: Mubemba ndi munthu wa kum'mawa ngati ife amatha kuuzana chilichonse, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Madzulo a tsiku limene nsomba zinafa ndinatenga mabotolo anga, ndinapita kwawo ngati wokapempha mchere, ndipo ndinangofunsa chifukwa chake lina likutulutsa thovu pamene lina likununkha.

Atamva kuti ndi madzi a m'dziwe lathu, ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kumanga chitenje. Analowa pabwalo pathu osaodira, anagwada padziwe n'kumizamo dzanja. Chikhatho chinaleka kuoneka madzi asanafike n'komwe pa chibangiri chawo.

"Ba Tembo, imwe bodya mbeba, nsomba si chimanga," anatero, potinena ife kuti odya mbewa. "Mufuna zituluke ngayaye?"

"Odya anyani adziwa chiyani za ulimi?" anayankha amalume. Koma anakoka mpando, nakhala pansi.

Bana Mwape anati zobiriwirazo ndi timbewu tating'onoting'ono. Dzuwa likawala timatulutsa mpweya, n'chifukwa chake botolo langa linali ndi thovu, koma mdima ukagwa timapuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba. Tikachuluka, pofika m'bandakucha mpweya umakhala watha. Ndipo tikadzafa tonse pamodzi, ngati m'botolo la pansi pa bedi, ngakhale nsomba imodzi sidzatsala. Anati dzanja liyenera kuleka kuoneka madzi akafika pachigongono, osati pachikhatho. Analamula kuti matumba atuluke, gaga aleke kaye, ndipo madzi achotsedwe pang'onopang'ono, kulowetsamo atsopano, osati onse tsiku limodzi. Pomaliza anagamula kuti nsomba yaikulu koposa ikhala yawo, chindapusa cha umbuli.

Amalume anavula nsapato, napinda buluku, n'kukoka okha matumba aja akudontha zakuda. Azimayi oyandikana nafe anabwera ndi zidebe, ndipo madzi obiriwira tinkawathira m'mabedi a repu. Ine ndinkadzuka tambala atangolira, n'kumatunga madzi a m'dziwe ndi kuwakhuthulira momwemo kuchokera m'mwamba kuti alowe mpweya, mpaka mapewa kuwawa. Nsomba zina zinafabe. Koma m'mawa wina ndinapeza pamwamba pali zii, kukamwa kulibe, ndipo ndinachita mantha mpaka pamene mchira unathwanima pansi.

Pa chilanga mulilo nsomba zinadzaza beseni limodzi, m'malo mwa angapo amene amalume analota. Analisenza bana Mwape eni ake, akuimba patsogolo pa onse, yaikulu ija ataiika pamwamba kuti akuchimuna aione. Kuyambira pamenepo amalume akafuna kumiza kathumba ankayamba andiitana. "Tisa, bwera ndi dzanja lako," ankatero, ndipo ine ndinkamiza n'kunena mokweza kuti inde kapena ayi.

Lero dzenje lija analikwirira, pali zipinda za lendi, ndipo ana a pamenepo amadziwa nsomba ya m'firiji yokha. Amalume akalamba, bana Mwape nawonso akuyenda ndi ndodo, koma akakumana pampanda za mbewa ndi anyani zimayambiranso. Ine ndikadutsa pa madzi obiriwira ndimaimabe, n'kumadzifunsa kuti dzanja lingasowe pati. Mawu oti ayi ndinayamba kuwatchulira pamenepo, nditagwada, mkono uli m'madzi.