Mbaula ya Amayi ndi Phula la Achimwene

Achimwene anga amakhoma maboti pagombe la kwathu, kumwera kwa Cobue, ndipo ntchitoyo amaidziwa, sindingawanamizire. Vuto lawo n'lakuti chilichonse chodontha, kaya ndi ndowa, denga kapena nsapato, iwo amachiona ngati boti.

Chaka chimene chifuwa cha amayi chinakula, anthu a purojetu ina yachitukuko anagawa mbaula zachitsulo kumabanja okhala ndi odwala chifuwa. Mbaulazo sizinkadya nkhuni kapena makala, koma timibulu ta utuchi tofanana ndi manyi a mbuzi. Pansi pake panali kabokosi kokoka kolandira phulusa, tonse tinkati gaveta, ndipo m'mphepete mwake munazungulira kachingwe koyera kosapsa ndi moto, kotseka mpweya. Kwa miyezi isanu amayi anaphika osatuluka misozi. Anayamba kufika kutchalitchi osapumira panjira, n'kuimba nyimbo mpaka ndime yomaliza.

Kenako kachingweko kanamatuka mbali imodzi n'kumalendewera. Mpweya unayamba kulowera pampatapo, moto n'kumalilima mosalongosoka, timibulu ta tsiku lonse n'kutha chinangwa chisanapse. Utsi ndi phulusa zinkatulukira pomwepo, molunjika kunkhope ya wophika. Amayi anayambanso kutsokomola.

Ine ndinati ndione, koma achimwene anandikankhira pambali ndi chigongono.

"Iwe zachitsulo ukuzidziwira kuti? Izi n'zomata basi. Ine ndimamata boti la anthu makumi atatu, ndilephere kambaula?"

Anabwera ndi zida zonse za pagombe: nsanza, tchizulo, hamala ndi chitini cha phula. Anzawo awiri anawatsatira kudzagwira ntchito yovomereza. Anatsendera nsanza mumpata, anathira phula, anabwerera m'mbuyo n'kugwira m'chiuno. Mmodzi wa ovomerezawo anati ngakhale mwera utaomba, madzi sangalowemo. Palibe anafunsa kuti madziwo alowa m'mbaula kudzatani. Amuna atatu a ndevu zawo, osakumbuka ndi mmodzi yemwe kuti phula ndi moto sizikhalira pamodzi!

Atayatsa, khitchini inada bii. Nkhuku zinathawa, ovomereza aja anali oyamba kutuluka, ndipo amayi tinawatulutsa titawagwira m'khwapa. Masiku atatu anagona chokhala, atatsamira khoma. Achimwene anati mbaulayo inabwera ndi vuto lake kuchokera kufakitale.

Ndinadikira mpaka atapita kukakhoma boti ku Lunho. Ndinakoka gavetayo, n'kukhala nayo pansi pa mtengo wa mango tsiku lathunthu, ndikupala phula ndi msomali. Kachingweko ndinakachotsa pang'onopang'ono, ndinakatsuka, n'kukayanika. Mwamwayi sikanaduke. Ndinakatenga dothi la pachulu, ndinalisefa, n'kulikanda ndi phulusa monga timachitira pomata mphika wong'aluka. Ndinalipaka mumzera umene kachingweko kankakhala, ndinakagoneka bwinobwino osakakoka, kenako n'kutseka gaveta kuti kakhazikike. Ndinasiya masiku awiri kuti liume. Poyesa ndinkapanikiza pepala la m'kope ndi gavetayo n'kulikoka. Pamene linasolokapo mosavuta ndinawonjezerapo dothi, mpaka mbali zonse zinayi linagwira.

Moto unayaka wachete, wopanda utsi. Kukongola ayi, sikunali kokongola. Dothi linkaonekera m'mphepete, lofiirira. Koma amayi anaphika usipa atakhala pafupi, akucheza nane, osatsokomola. Ndinasangalala mpaka kugwetsa misozi.

Patapita milungu itatu tinamva kuti a purojetu akubwera kudzaona mbaula zawo ndi kujambula zithunzi. Achimwene anasanduka munthu wina. Anasesa pabwalo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita chibadwire. Anavala malaya a ukwati pa Lachitatu. Ine ndili kunyanja kochapa, iwo anakoka gaveta, anaona dothi, manyazi n'kuwagwira. Ndinawapeza akulipala ndi tchizulo.

"Achimwene, mukutani?"

"Ufuna tekiniko wa ku Lichinga aone matope pachuma cha purojetu? Atiyese ndife anthu otani?"

"Nanga amama aphikira pati?"

"Usandiphunzitse ntchito, mlongo. Akapita tibwezera."

Akulankhula choncho tchizulo chinaterereka, kachingwe kaja n'kuduka patatu. Kanali katafooka kale ndi phula lawo lomwelo. Anatola zidutswazo n'kuika m'thumba la malaya, kenako anatenga penti yotsala ya boti n'kupaka mbaula yonse yobiriwira.

Alendowo anafika masana, atavala zipewa zofanana. Anakhazika amayi pambali pa mbaula yozizira, anawapatsa mthiko kuti agwire, n'kuwauza kuti amwetulire. Tekinikoyo, mmisiri wa mbaulazo, sanakoke gaveta, sanapemphe n'komwe kuti tiyatse. Anayamikira pentiyo. Nditatsegula pakamwa kuti ndinene za chingwe, achimwene anandiponda phazi n'kunena mokweza kuti pano palibe purobulema. Ndimadziimba mlandu mpaka lero kuti ndinakhala chete chifukwa cha phazi chabe. Alendo analemba m'buku mwawo kuti zonse zili bwino, anakwera boti, ndipo sitinawaonenso.

Ndinayesa kulumikiza zidutswa zija ndi dothi, koma sizinagwire. Ndinayesa dothi lokha, linkagumuka gaveta ikangokokedwa. Ndipo tikayatsa, penti inkanunkha kuposa utsi. Amayi anatutira mafuwa awo m'khitchini n'kuyambanso kuphika ndi nkhuni. Ndikawaletsa kuphika ankati sakufuna kukhala mlendo pakhomo pawo.

Dzinja litafika anayamba kubanika, moti sankatha kumaliza chiganizo. Tinawanyamula pamphasa n'kuwawolotsa kupita nawo kuchipatala ku Likoma, m'boti la achimwene, limene silinalowe ndi dontho limodzi lomwe. Namwino anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, nkhope yake n'kusintha. Kenako anawerama n'kufunsa amayi kuti kunyumba amaphikira pa chiyani.

Amayi anakoka mpweya kuti ayankhe, koma chifuwa chinawatsekereza. Achimwene anatsogoza chifuwa chawo chabwinocho.

"Ife tili ndi mbaula yamakono, anamwino. Yosatulutsa utsi. Sungakhale utsi ayi, funani matenda ena."

Namwino anayamba kulemba. Ndinamugwira dzanja, cholembera n'kugwa pansi, ndipo ndinanena zonse, kuyambira pa phula, odwala onse m'chipindamo akumva. Achimwene sanandilankhule chaka chathunthu. Amayi anabwerera kunyumba ali moyo, koma kuimba sanaimbenso.