Ampulifaya imene ndinapangira alamu anga

Ntchito yanga pa esiteti inali ya magetsi. Ndinkakonza mamota a m'fakitale ya tiyi, mafani ofotetsera masamba, ndi mawaya a m'nyumba za mabwana. Chaka china mabwanawo anaganiza zogwetsa nyumba yakale ya manejala, imene chiswe chinali chitamaliza denga lake, ndipo anandituma kuti ndikachotsemo mawaya. M'chipinda chosungira katundu ndinapezamo wailesi ziwiri zamakedzana, zamatabwa, fumbi lili mbuu. Akapitawo anati ndikazitaye kudzala. Ine ndinazimangirira pa njinga n'kupita nazo kunyumba.

M'kati mwa wailesi zoterezi mumakhala mababu agalasi otalika ngati chala. M'mabuku amati mavalavu, koma ife tinkangoti mababu. Ukayatsa, amafiira pang'onopang'ono, ndipo wailesi siilankhula mpaka atatentha. Ndinawamvapo kusukulu ya zaluso, kwa mphunzitsi wina wokalamba amene ankawakonda, koma ndinali ndisanawagwirepo. Wailesi imodzi inali yofa. Inayo inayaka, ngakhale kuti sinkagwira siteshoni iliyonse.

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Kuchimuna kwa mbumba yawo analipo okha, choncho nkhani iliyonse ya ana anga inkadzera kwa iwo. Anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, koma akagwira gitala ankasanduka wina. Anali ndi gitala yamagetsi imene anagula yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe, koma analibe ampulifaya. Kutchalitchi ankailumikiza ku chimkuzamawu cha abusa, ndipo inkalira ngati munthu akumenya chitini.

Atawona wailesi ija itayaka pa tebulo langa anafunsa, "Alamu, ichi sichingayimbe gitala?"

Ndinati chingathe. Ndinayankha ndisanaganize bwino, chifukwa ndinkafuna kuti andione kuti ndine mkamwini waphindu.

Ntchitoyi inanditengera miyezi iwiri, ndikaweruka ndiponso Lamlungu masana. Ndinachotsa zonse zogwirira masiteshoni, n'kusiya mababu atatu. Ndinawotcherera mawaya atsopano, ndinaika pobayira chingwe cha gitala, ndipo sipika ndinaipeza kwa makaniko wina pa boma, yochokera m'minibasi yakufa. Bokosi lake ndinakhoma ndi matabwa a bokosi lakale lopakiramo tiyi, moti zilembo zakuda zinkaonekabe m'mbali mwake. Tsiku loyesa, alamu anakhala pa mpando wandalema pakhonde, anadikira kuti mababu atenthe, kenako anakhudza nsambo imodzi. Mawu anatuluka onenepa, ofunda, okalipa pang'ono kumapeto kwake. Anaimba kanthawi osadzutsa mutu. Amayi a nyumba zoyandikana nafe anasiya zochapa n'kubwera kudzaima pa mpanda.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa ndekha. Wailesi za mtundu umenewu ankazipanga zopanda thiransifoma yolekanitsa magetsi a pakhoma ndi a m'kati. Waya mmodzi wochokera pakhoma amapita molunjika ku chitsulo chimene zipangizo zonse zimakhalapo. Ngati ali waya wozizira, wopanda moto, palibe vuto. Koma mawaya akatembenuzidwa penapake, chitsulo chonsecho chimakhala ndi moto. Pa wailesi sizinkaopsa kwenikweni, pakuti munthu ankangogwira matabwa ndi zopotokola zapulasitiki. Gitala ndi nkhani ina: nsambo zake n'zachitsulo, ndipo zimalumikizana ndi ampulifaya kudzera m'chingwe. Pachifukwa chimenechi ndinaika kakapasita pakati pa chitsulo chija ndi chingwe cha gitala, kuti mawu azidutsa koma moto woopsa usadutse.

Kakapasita kameneko kanabweretsa phokoso. Alamu akasiya kuimba, sipika inkang'ung'udza ngati njuchi zili m'mphanga.

"Alamu, njuchizi zichotseni," ankatero nthawi iliyonse akabwera. "Abusa akamapemphera, anthu akumatembenuka kuyang'ana ine."

Ndinayesa zambiri. Ndinasuntha mawaya, ndinawapota, ndinasintha malo a babu loyamba. Phokoso linachepa koma silinathe. Loweruka lina ndinatenga kawaya kafupi, kosakwana chala, n'kulumikiza mbali ziwiri za kakapasita kaja kuti magetsi azikalambalala. Phokoso linatheratu. Ndinayang'anitsitsa kawayako. Kenako ndinatenga tesita yanga, ndinayeza soketi ya kunyumba kwanga, mawa lake ndinayeza ya kutchalitchi. Zonse zinali zolumikizidwa bwino. Ndinadziuza kuti ndi kwakanthawi chabe, ndikapeza waya wakopa ndikulunga thiransifoma yoyenera. Alamu sindinawauze kanthu. Iwo anangondigwira dzanja ndi manja awiri, nati, "Koma inu ndinu dolo."

Panatha pafupifupi chaka. Waya wakopa ndinamupeza, koma anangokhala m'kabati. Alamu anayamba kuitanidwa kumaukwati ndi kuzinkhoswe, mpaka kwa Chimaliro, ampulifaya itamangidwa kumbuyo kwa njinga ndi malamba a chubu. Poyamba ndinkada nkhawa akamanyamuka. Atapita kangapo n'kubwerako bwino, ndinazolowera.

Ukwati umene ngozi inachitikira unali wa mwana wa mnzathu wa m'fakitale, ndipo madyerero anali m'holo ya pasukulu. Kunali chiperoni kuyambira m'mawa. Anthu analowa ndi matope, simenti yonse inanyowa. Soketi ya m'holomo inali yakufa, choncho magetsi anawakoka ku ofesi ya aphunzitsi ndi chingwe chachitali cholumikizalumikiza. Mwini chingwecho anali bambo wina wachikulire wa pamsika, amene ankabwereketsa zimkuzamawu ndi maiki pa zochitika. Ine ndinali panja ndi anzanga, tikudya. Chingwe ndinachiona chikudutsa pa udzu, koma maganizo anga sanafike kumeneko.

Alamu anali atavula nsapato zawo chifukwa zinali zitanyowa. Ndinamva sipika ikubangula kamodzi, kenako amayi akukuwa. Nditalowa ndinawapeza ataima mowuma, dzanja lamanzere litakakamira pa khosi la gitala, lamanja litagwira chitsulo cha maiki, mutu utapendekera kumbuyo. Mayi wina ankathamangira kuti awagwire. Ndinamukankha, ndinaponda chingwe chija n'kuchikoka mpaka chinaduka polumikizira. Alamu anagwa chagada. Tinawanyamulira pa galimoto ya akwati kupita kuchipatala cha pa boma, ndipo anatsitsimuka tili m'njira.

Chimene ndinachita nditabwerako ndicho chimandivuta kuchilemba. Anthu anali akadali pasukulupo, akufunsana kuti chachitika n'chiyani. Ndinatola chingwe chija, ndinamasula mapepala apulasitiki amene anakulungira polumikizira, ndipo ndinapeza zimene ndinkayembekezera: wofiira analumikizidwa ku wakuda, wakuda ku wofiira. Ndinachikweza m'mwamba.

"Onani," ndinatero. "Mawaya anawatembenuza."

Sindinaname. Koma chingwe chimenecho chinali chitagwira ntchito pa maukwati ambirimbiri osapweteka munthu, chifukwa zipangizo za masiku ano sizisamala kuti moto walowera mbali iti. Chinapweteka munthu tsiku limenelo chifukwa cha kawaya kanga. Bambo aja anayesa kulankhula, koma anthu anawakuwiza. Ena ankafuna kuwamenya. Anasonkhanitsa katundu wawo mvula ikuwawaza n'kumapita, ndipo ine anthu ankandisisita pamsana kuti ndapulumutsa moyo wa alamu anga.

Nsambo zinawotcha zala zitatu za kumanzere mpaka m'kati. Zilonda zinapola, koma zala ziwiri zinatsala zopindika, zosawongoka. Tiyi amathyola ndi manja onse awiri, mofulumira, ndipo alamu sankathanso kudzaza dengu ngati kale. Anawasamutsira ku nazale, kothirira mbande. Gitala anayesa kuigwira kangapo, zala zinakana, ndipo anaikulunga m'chitenje n'kuiika pamwamba pa kabati.

Sabata yomweyo ya ngozi ija ndinatsegula ampulifaya ija n'kudula kawaya kaja. Ndinakaponya m'chimbudzi. Kuyambira pamenepo chakudya sichinkandikomera. Mkazi wanga ankafotokozera aliyense wobwera pakhomo mmene ndinakokera chingwe, ndipo akayamba nkhaniyo ine ndinkatuluka. Ankaganiza kuti ndi manyazi a munthu wodzichepetsa. Pamsika ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pa khonde la bambo aja. Ndinamva kuti palibenso amene ankawabwereka zimkuzamawu, ndipo anayamba kugulitsa makala.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, alamu anabwera Lamlungu masana. Anati mayi wina wa m'kwaya waphunzira gitala, ndipo iwo aganiza zomupatsa gitala yawo pamodzi ndi ampulifaya, kuti zisamangokhala.

Ndinati, "Ayambe wadikira. Ndiikemo kaye thiransifoma."

"Thiransifoma ya chiyani?"

"Yoteteza woimba."

Anandiyang'ana. "Kodi si paja munati vuto linali chingwe cha bambo aja?"

Mkazi wanga anali pafupi, akusenda nthochi zophika. Ndikanatha kupeza bodza, chifukwa onse awiri za magetsi sankazidziwa. Koma ndinali nditatopa. Ndinawafotokozera zonse, za kakapasita, za phokoso lija, za kawaya, mpaka za tesita imene ndinayezera soketi ziwiri zokha. Ndili m'kati molankhula ndinadzimva ndikunena kuti, "Paja munkadandaula za njuchi zija," ndipo ndinachita manyazi mawuwo asanathe n'kutuluka komwe.

Alamu anasisita zala zopindikazo ndi chala chachikulu cha dzanja linalo.

"Ndinkadandauladi," anatero. "Koma ine sindinkadziwa chimene ndinkapempha. Inu munkadziwa. Mukanandiuza, ndikanasankha ndekha, njuchi kapena moto."

Mkazi wanga anaika mpeni pansi n'kulowa m'nyumba.

Alamu sanakalipe. Anangoti mawa tikaweruka tipite limodzi kwa bambo aja. Tinawapeza akuthira makala m'timajumbo. Anatipatsa benchi, anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula mawu. Kenako anafunsa alamu za dzanja lawo, analigwira, analitembenuza. Atatero anayang'ana ine.

"Tsiku lija munalankhula holo itadzaza," anatero. "Lero mwabwera awiri."

Lamlungu lotsatira ndinapempha abusa kuti andipatse mpata zolengeza zikatha. Ndinaima kutsogolo n'kunena kuti chingwe chinalidi chotembenuka, koma chimene chinavulaza alamu anga ndi ampulifaya imene ndinapanga ine, ndipo ndinkadziwa kuopsa kwake. Anthu ena anang'ung'udza, ena sanamvetse n'komwe kusiyana kwake, ndipo mkulu wina wampingo anandiyamikira potuluka ngati ndapereka umboni wokoma. Bambo aja sizinawathandize kwenikweni. Zimkuzamawu zawo anali atagulitsa kale, ndipo pamsika panali patabwera anthu ena ndi zatsopano.

Mkazi wanga anatha masabata atatu akungondiyankha mawu amodziamodzi. Thiransifoma ndinaikulunga, ndinaiyeza kambirimbiri, ndinaikamonso waya wachitatu wopita pansi, ndipo mayi wa m'kwaya uja akuimbira ampulifayayo mpaka lero. Ine ndimakhala benchi yakumbuyo. Anthu angapo anabwera kudzandipempha kuti ndiwapangire yawo, ndinakana.

Alamu amabwerabe pakhomo pathu. Timapatsana moni, timadya limodzi, ndipo mwana wanga wamkazi atapeza banja ndiwo anayendetsa zonse monga mwa udindo wawo, osandichititsa manyazi pa chilichonse. Chaka chatha anamaliza kanyumba kawo ka njerwa kumudzi, magetsi atafika m'deralo. Ndinakonzeratu zida zanga ndi mawaya abwino amene ndinkasunga, ndikudikira kuti andiitane. Ndinadzamva kwa mkazi wanga kuti magetsi ayaka kale m'nyumbamo, anaitana munthu wina wochokera pa boma.