Bokosi Limene Ndinatseka ndi Loko

Mpaka lero ndikamva chigayo chikulira sinditha kukhala pansi. Ndimadzuka, kusesa pamene ndasesa kale, kuchotsa mbale pathandala n'kuzibwezeranso. Ana anga amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi, ndi bokosi lija.

Chigayo chathu chinali pa Nsaru, kuseri kwa msika. Tinachitsegula matipate atangoyamba kumene, ndipo amene ankachiyendetsa anali mlongo wanga wondiponda pamutu, bambo wa ana atatu. Tsiku lina kunabwera bambo woyendera malo a ntchito. Anayang'ana injini, anayang'ana denga, kenako n'kundifunsa kuti, "Kodi mayi, munthu akavulala pano mumatani?" Ine ndinati timapemphera. Sanaseke. Anandilembera papepala: bandeji, thonje, pulasitala, sizasi, magolovesi ndi mankhwala otsukira bala, zonsezo zikhale m'bokosi poonekera. Anati akadzabweranso osazipeza adzatitsekera chigayo.

Ndinakagula zonse m'tauni, kalipentala n'kundikhomera bokosi pakhoma. Koma anthu akwathu inu! Sabata isanathe, uyu mwana wapsa ndi phala, uyo wadzitema ndi khasu kumunda kwake koma bandeji akufuna ya kuchigayo. Tsiku limene ndinapeza mayi wina atamangira bandeji yanga kukamwa kwa thumba la ufa, ndinakalipa mpaka osoka nsapato apamsika anaimika ntchito. Ndinadzazanso bokosi, kugula loko, n'kulengeza pamaso pa mzere wonse wa odzagayitsa kuti wokhudza bokosili andiona. Kiyi ndinkamumangirira kunsonga ya chitenje changa. Bokosi linasanduka mbale za alendo, lodikira tsiku limene bwana uja adzabwerenso.

Lachinayi lina, nthawi yokolola, ndinavala yunifolomu n'kupita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Chitenje cha masiku onse ndinachisiya pachingwe kunyumba. Tili pakati pa nyimbo, pakhomo panaima mayi woyera ndi ufa mpaka m'nsidze, akundikodola.

"Bwerani ndi kiyi msanga, lamba wa injini wawagwira dzanja achimwene anu."

Ndinathamanga duku lili m'manja. Ndili m'njira m'pamene ndinakumbukira kuti kiyi watsala pachitenje. Ndinakhotera kunyumba, ndinaima, ndinabwerera, ndinaimanso. Kunyumba kunali kutali. Ndinangoti kaya, n'kulunjika kuchigayo chimanjamanja.

Ndinapeza injini itazimitsidwa, anthu ali mbwee. Mlongo wanga anali atakhala pathumba la chimanga, dzanja lamanja atalikulunga ndi chiguduli chopukutira injini, chakuda bii. Wina anali atathira ufa pabalapo kuti magazi aleke. Ufa utalephera, wina anathirapo oilo wakutha ntchito, ati amaumitsa bala. Pamwamba pa mutu wake bokosi lili phee ndi loko wake, ndipo hamala imene tinkagogodera sefa inali pansi pomwepo.

"Mwalekeranji kuthyola? Anthu onsewa, palibe wamanja?"

Amayi anayang'ana pansi, abambo anayang'ana kunja. Anayankha ndi mlongo wanga yemweyo, milomo itauma.

"Achemwali, musawakalipire, ndawaletsa ndine. Paja munati wokhudza akuonani. Ndinati tidikire eni ake."

Ndinamenya kamodzi kokha, loko n'kugwa. Kamodzi kokha! M'katimo zonse zinali mbee, thonje losatsegula, bandeji zili m'mapepala ake. Ndinatsuka balalo, koma ufa ndi oilo zinali zitalowa kale mpaka m'kati. Tinapeza galimoto ya fodya imene inatitengera kuchipatala. Namwino atamasula anafunsa kuti, "Kuntchito kwanuko mulibe bokosi la chithandizo choyamba, eti?" Ndinati lilipo. Anandiyang'ana, n'kuyamba kutsuka balalo. Anati bala lenilenilo silinali loopsa, chimene ankaopa ndi zimene zinalowamo.

Masabata awiri ndinkangozungulira pakati pa chipatala ndi chigayo, osadya bwino, kukalipira aliyense wondipatsa moni. Dzanja linatupa, linayamba kununkha. Pamapeto pake anamudula zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati.

Bwana woyendera uja anabweradi. Anapeza bokosi lodzaza, lopanda loko, ndipo anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndine chitsanzo. Ndinafuna kumugenda ndi hamala ija, koma iye analakwanji?

Mlongo wanga sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka. Akanandilalatira bwenzi nditapuma. Amabwerabe kwathu Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, amaseka, amasewera ndi zidzukulu zanga. Nthawi ya chakudya ikakwana ndimagwada ndi beseni ndi jagi, iye n'kutambasula dzanja lija la zala zitatu, amvekere, "Zikomo achemwali." Ine ndimathira madziwo ndikuyang'ana kumbali.