Kolona pansi pa bwato

Fungo la mlamba wowamba limandikumbutsa kolona wa amayi, uja wowala mumdima. Tsiku lina ndinamugwira ndi manja onunkha nsomba, ndipo poopa mkwapulo ndinamubisa m'chitini. Mawa lake nditasuzumiramo, anali atazima. Ndinati basi, ndamudetsa.

Mkulu wanga anangoseka. "Iwe, ameneyu amadya dzuwa. Wamugoneka ndi njala."

Tinamuyanika pathandala pamodzi ndi nsomba. Atakhuta dzuwa, tinamutenga n'kuthamangira kudooko n'kukwawira pansi pa bwato la abambo, lomwe linali lovundikiridwa pamchenga. Mkulu wangayo anafumbatula dzanja pang'onopang'ono. Mikanda yonse inayaka mobiriwira, mpaka mano ake ndinawaona.

Kumtunda amayi ankatiitana, koma ife maso anali pa mikandayo.