Telala Woyendetsa Mlongo Wake

Telala wina anakhala pa mpando umodzi zaka makumi awiri ndi zisanu. Shopu yake inali kachipinda ka m'mbali mwa msewu, pakati pa golosale ndi malo ometera tsitsi. Munali makina awiri, akale opalasa ndi phazi ndi ena amagetsi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Nyumba yake inali kuseri kwa shopuyo, mwakuti ulendo wake wa tsiku lonse unali wochoka pakhomo ili kukalowa pakhomo ilo. Mwamuna wake anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo atatu onsewo anawalera ndi singano. Anthu ankangomutcha Atelala, ngakhalenso ana ake omwe akafuna kumuseka.

Thupi linadza mwakachetechete. Makina amagetsi atabwera, phazi nalo linapuma ntchito. Kapu ya tiyi wa masipuni anayi a shuga sinkachoka pambali pa sizasi, ndipo masana ankadya zokazinga ali chikhalire pomwepo, diso lili pa msoko. Makasitomala ankati, "Atelala, koma zikukuyenderani, thupi lake limeneli." Iye ankaseka, n'kumawonjezera nsalu m'mbali mwa madiresi ake.

Chimene chinamupititsa kuchipatala anali maso. Ulusi unayamba kukana kulowa pa singano, mutu unkalemera cha kunkhongo, ndipo ludzu silinkatha. Namwino, mtsikana wa msinkhu wa mwana wake wachiwiri, anamuyeza magazi, anamukweza pa sikelo, kenako anatulutsa tepi m'thumba n'kumuzunguliza nayo m'chiuno.

"Lero mwandilanda ntchito," anatero telala.

Namwino anamwetulira pang'ono, koma anakhala pansi n'kumuyang'ana m'maso.

"Amayi, pali zinthu zinayi. Magazi akuthamanga, shuga wakwera, mafuta achuluka m'magazi, ndiye mimbayi. Zimenezi zimayendera limodzi ngati pachibale, ndipo mukazilekerera zimakagwira mtima kapena ubongo. Mankhwala ndikupatsani, koma paokha sangathe. Muziyenda mwandawala theka la ola, masiku asanu pa sabata."

"Kuyenda kupita kuti?"

"Kulikonse. Bola mtima ugunde, thukuta lituluke."

Anayesa ndithu. Masiku atatu anatuluka m'mamawa, koma zinamuchititsa manyazi. Mayi wamkulu kumayenda mofulumira chimanjamanja, aliyense wokumana naye ankaima n'kufunsa kuti, "Kwagwanji, Atelala?" Tsiku lachinayi kunabwera ntchito ya mayunifolomu a sukulu, ndiye anati ayambiranso akamaliza. Atamaliza, mvula inayamba. Mwana wake wamkazi anamutumizira nsapato zofewa zoyendera, koma zinangokhala m'katoni pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Kuchipatala ankapitabe kukatenga mankhwala, ndipo namwino akafunsa za kuyenda, iye ankayankha kuti akuyesetsa, maso ali pansi. Chaka chinatha chotero.

Telalayu anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, wamkulu kwa iye, amene anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali zaka makumi atatu. Anali bambo wa chithupi, wa mawu aakulu, wokonda nthabwala. M'mawa wina, akuwerama kuti amange nsapato, anagwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatulukako patatha masabata atatu dzanja ndi mwendo wamanzere zili lende, pakamwa patapotoka. Adokotala anati aziwayendetsa m'mawa uliwonse, apo ayi mwendowo uuma. Akazi awo anali munthu wochepa thupi, wodwala msana, ndipo ana onse anali kutali. Panalibe chofunsa. Telala anayamba kumadzuka kusanache bwino, n'kuyenda misewu iwiri kukafika kwa achimwene akewo.

Tsiku loyamba anangochoka pakhonde kukafika pageti. Achimwene anakoloweka dzanja labwinolo paphewa pake, mwendo wakufawo ukukhwekhwerezeka, malovu akutsika m'mbali mwa kamwa. Atafika pageti anaima, n'kulira. Telala anali asanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo. Anawapukuta ndi mpango, n'kubwerera nawo.

Pang'ono ndi pang'ono ulendo unatalika. Anayamba kutuluka kunja kwa geti, kenako kufika pa mpope wa madzi, kenako pa kampanda kafupi ka njerwa ka pasukulu, pamene ankakhala n'kupuma. Mawu a achimwene anabwerera, olemera koma omveka, ndipo nthabwala zinabwerera nawo limodzi. Anayamba kumutcha mlongo wawoyo kondakitala.

"Kondakitala, chepetsa liwiro, tayala lakumanzereli laphwa."

Tsiku lina atakhala pa kampandako, achimwene anamuyang'anitsitsa. Telala anali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pachifuwa.

"Kodi wodwala ndi ndani pano, ine kapena iwe?"

Telala anafuna kuseka, koma sizinatheke. Anawauza zonse: za namwino, za zinthu zinayi zija, za nsapato za m'katoni. Achimwene anayang'ana dzanja lawo lakufa lija lili pamwendo.

"Mawu omwewo anandiuza ine kuchipatala," anatero. "Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Pepala lake ndinalipinda n'kuliponya m'kabati ya m'basi. Ndinkati ndikadzapuma pa ntchito ndidzayamba. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mchemwali wanga, ndi uyu ukumuonayu." Anapukuta pakamwa. "Kuyenda ukuyenda ndi ineku si kuyenda, n'kukwawa. Kuyambira lero ukandikhazika pano, uzipita wekha mpaka pa mlatho n'kubwerera. Wotchi ndili nayo."

"Anthu aziti chiyani, achimwene?"

"Uziti ndakutuma ine."

Zinakhaladi choncho. Munthu akafunsa kuti kwagwanji, telala ankaloza kumbuyo n'kunena kuti, "Andituma adalaivala," osaima. Akabwerera ankapeza achimwene atakweza wotchi m'mwamba. "Basi yachedwa ndi mphindi zinayi. Unaima pati?" Maondo ankawawa, ntchafu zinkapsa, masiku ena ankafika pa mlatho akutukwana chamumtima. Koma ankabwerera, chifukwa sakanasiya munthu wofa mwendo ali yekha pa kampanda.

Tsiku limodzi lokha anajomba. Anali ndi diresi la ukwati lofunika masana omwewo, ndiye anatumiza uthenga kuti sabwera. Dzuwa litakwera, alamu ake anaimba foni.

"Alamu, bambo akunowa ali pageti chiimire. Akana kulowa, akana mpando. Akuti akudikira kondakitala."

Telala anasiya diresi pa makina. Anakawapeza atatsamira geti, mwendo wabwinowo ukunjenjemera. Sanamukalipire. Anangokweza dzanja kuti alikoloweke paphewa pake. Kuchokera tsiku limenelo, ntchito ikachuluka ankauza kasitomala kuti adikire.

Anthu anayamba kuzolowera kuwaona. Woyamba kuwatsatira anali mphunzitsi wina wopuma ntchito, wodwala shuga, amene adokotala anamuuzanso zoyenda koma ankachita ulesi payekha. Kenako mwini golosale uja, amene ankagona pa kauntala masana, ndi amayi awiri a mu msewu wa kumtunda. Achimwene ankakhala pa kampanda ngati woyang'anira depoti ya mabasi, kuona amene wafika ndi amene sanafike. Lamulo lawo linali limodzi: munthu akajomba masiku awiri, gulu lonse lidzere pakhomo pake. Sankakamudzudzula ayi. Ankangogogoda n'kunena kuti, "Tabwera kudzakuonani ngati mwadzuka bwino," ndipo manyazi omwe aja amene kale ankatsekera munthu m'nyumba ndi amene ankamutulutsa.

Patatha miyezi isanu ndi itatu namwino anayang'ana zotsatira kawiri. Magazi anali atatsika, shuga nayenso, ndipo m'chiuno munali mutachoka zala zinayi. Mankhwala sanamusiyitse, koma anachepetsako amodzi. Telala sanasanduke mtsikana. Anali mayi wonenepa ndithu, koma wokwera chitunda akulankhula. Tiyi anamuchepetsa shuga mpaka sipuni imodzi, ngakhale ankadandaula kuti akumwa madzi otsukira mbale.

Achimwene nawo anafika poyenda ndi ndodo okha m'nyumba, kusamba okha, kudzimangira mabatani ndi dzanja limodzi. Anakhala choncho chaka ndi theka. Kenako masana ena, atangomaliza kudya, sitiroko inabweranso. Ulendo uno sanadzuke. Anamwalira m'chipatala tsiku lachitatu, mlongo wawo atawagwira phazi.

Maliro atatha, telala anabwerera pa mpando wake ndipo sanatulukenso. Anzake aja anagogoda kawiri, iye anawayankhira pawindo kuti sakupeza bwino, ndipo iwo anamumvetsa, anamusiya. M'mawa ankawamva akudutsa mu msewu, n'kuyatsa makina kuti asamve mapazi awo. Mumtima munali mkwiyo umene sankadziwa woulozera. Munthu anayenda tsiku ndi tsiku, mvula ndi dzuwa, n'kufabe. Ndiye phindu lake n'chiyani? Masabata asanu ndi awiri anatha. Mutu unayambanso kulemera cha kunkhongo.

Amene anabwera anali alamu ake. Analowa mu shopu m'mawa wina, ataonda, n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Alamu, nyumba ija yandikulira. Ndimadzukabe nthawi yomwe ija, koma ndilibe womuveka malaya. Ndimangokhala pabedi mpaka dzuwa litalowa m'chipinda. Ndati mwina mundiperekeze, ndiziyendako nanenso."

"Anayenda achimwene," anatero telala, osasiya kusoka. "Ali kuti lero?"

"Anapita, inde." Alamuwo anayankha mofatsa. "Koma inu simunkagona m'nyumba muja. Masabata oyambirira ndinkawatembenuza ngati mwana, iwo akulira ndi manyazi. Kuyenda kuja kunawabwezera ulemu wawo. Chaka ndi theka anadzisambitsa okha, ananyamula mdzukulu wawo, anaseka. Zimenezo musazitche zachabe pamaso panga."

Makina anaima. Telala anakhala kanthawi atagwira nsalu, misozi ikugwera pa msoko. Kenako anadzuka, anatseka shopu, natuluka ndi alamu akewo. Anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha msana wa alamuwo, ndipo sanadzere njira ya kusukulu. Anatenga msewu wina wodutsa kumsika, umene unali wautali koma wopanda chowakumbutsa.

Papita zaka zinayi tsopano. Telala akusokabe, akumwabe mankhwala ake, ndipo miyezi ina shuga amakwera n'kutsikanso. Gulu lija limasintha. Mphunzitsi anasamukira kwa mwana wake, mwini golosale amasowa n'kutulukiranso, ena amabwera sabata imodzi osaonekanso. Namwino akapeza munthu amene wauzidwa zoyenda kangapo koma osayamba, amamulembera pa kapepala malo a shopuyo.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wogwira ntchito mu ofesi, wa tayi, atanyamula kapepala kotero. Anaima pakhomo n'kuyamba kufotokoza kuti iye nkhaniyi akuidziwa bwino, anawerenga zambiri, vuto ndi nthawi basi. Telala anamvetsera mpaka bamboyo anamaliza, akudula ulusi ndi mano.

"Zoona, bambo, nthawi imavuta," anatero. "Mumakhala kuti?"

Bamboyo anatchula msewu wake.

"Kufupi ndi kwanu kuli agogo ena aamuna anachitidwa opaleshoni ya bondo. Mwana wawo amapita ku ntchito m'mamawa, ndiye akusowa wowatulutsa. Nyumba ya geti yobiriwira. Mukawatenge Lolemba, mudzatipeza pamsika."

"Koma inetu ndabwera kuti mundithandize ineyo."

"Ndamva. Muwagwire mbali ya kumanja, ndipo musawathamangitse. Amakonda kulankhula, muziwayankha."

Bamboyo anayang'ana kapepala kake, anayang'ana telala, nachoka osalonjeza kanthu. Lolemba gulu linadikira pamsika mpaka ogulitsa anayamba kuyala katundu. Ena anati tizipita. Telala anati adikireko pang'ono, ndipo alamu ake anakhala pa sitepe ya sitolo kupumitsa msana. Patapita kanthawi anawaona akutulukira pakona, bambo uja atavula tayi, agogo atamukolowekera mkono, akumufotokozera nkhani inayake yaitali.