Kazitape Wovula Chipewa

Ababa anali mkulu wa mpingo, anali mlimi wa mpunga, ndipo Loweruka lililonse masana anali kazitape. Ziwiri zoyambazo chigwa chonse cha Domasi chinkazidziwa. Chachitatucho iwo ankakhulupirira kuti akuchidziwa okha ndi Mulungu wawo, ndipo ine mwana wawo weniweni ndinachidziwa mochedwa kwambiri, chaka chimene amayi anatisiya.

Chiyambire ndili kamtsikana, Loweruka kwathu linkayenda mofanana. Tikatha kudya, amayi ankathira makala mu nsimbi n'kusita jekete la ababa lakuda lija. Ababa ankapukuta nsapato, kupopa njinga, kenako n'kulengeza ali pakhonde, ndi mawu omwe ankalengezera nyimbo m'tchalitchi:

"Ndikukaona odwala."

"Mukawapatse moni," ankatero amayi, osaseka n'komwe.

Ine ndinkawamvera chisoni odwala a dera lathu, amene sankachira olo Loweruka limodzi, kaya ndi dzinja kaya nthawi yokolola. Ababa akabwerako dzuwa litapendeka, ankakhala ndi amayi kuseri kwa nyumba, amayi akupeta mpunga, iwo akulankhula motsitsa mawu koma manja ali uku ndi uku ngati akupitikitsa njuchi. Ife ana tikasendera pafupi tinkathamangitsidwa, ati nkhani za odwala si za ana.

Kuti nkhaniyi imveke, ndinene kaye kuti ababa anali mkamwini. Nyumba ya njerwa imene tinakuliramo, kwa Malemia, anamanga ndi manja awo, koma dothi lake linali la kuchikazi. Kwathu kuno mkazi akamwalira, pakapita nthawi abale ake amamusudzula mwamunayo, kutanthauza kumumasula ku ukwati. Pamenepo angamuuze kuti apitirize kukhala ndi ana ake, kapena kuti anyamule zake azipita kwawo. Kwawo kwa ababa kunali kutali, ndipo onse amene akanawalandira kumeneko anali atatsogola kale. Mawu omaliza anali m'kamwa mwa atsibweni, alongo awo a amayi.

Maliro atatha, ababa anakhala masabata angapo osatuluka. Kenako Loweruka lina ndinawapeza akusita okha jekete lija, atapsereza kale mkono umodzi. Anapopa njinga, n'kuuza khonde lopanda munthu kuti akukaona odwala.

Amene anayamba kununkhiza nkhani anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, munthu amene nkhuku ya eni ikasintha pogona iye amadziwa tsiku lomwelo.

"Odwala ake ati opukutira nsapato chonchi?" anandifunsa. "Ndafunsa kumpingo, palibe wodwala amene wawaona bambo akowo. Koma njinga yawo anthu akuiona pa Songani. Iweyo ndiwe wamkulu, usandiuze kuti sukumva. Dothi la pamanda a achemwali silinakhazikike, iwo ayamba kale!"

Nkhaniyo inafika kwa atsibweni. Iwo sanali munthu wa mawu ambiri. Anangoti ngati kulidi mkazi pa Songani, alamu awo asudzulidwa ndipo achoka ndi njinga yawoyo basi.

Ndinachita mantha. Ndinawafunsa ababa mwaulemu, nditakhala pansi, kuti amapita kuti kwenikweni. Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.

"Mwananga," anatero, "pali zina zimene mwamuna sanena."

Ndinati basi, amayi aang'ono alasa. Sindinkadziwa kuti mawu amenewo ngobwereka.

Ndiye nanenso ndinakhala kazitape. Loweruka lotsatira ndinawatsogolera pa minibasi, nditafunda chitenje kumutu, nditavala magalasi akuda amene ndinabwereka kwa mnzanga wa ku ofesi ya sukulu kumene ndinkagwira ntchito. Ndinkadziona ngati ndasanduka munthu wina. Kondakitala anangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Asisi a ku ofesi, maso akuvuta?" Ndinatsika pa Songani.

Ndinabisala pambali pa ogulitsa nzimbe, ndipo posakhalitsa ababa anatulukira. Ndiyenera kuwayamikira, dongosolo anali nalo. Njinga anaisiya kwa wokonza njinga, ati aione mabuleki, pamene mabulekiwo analibe vuto chigulireni. Analowa mumsika n'kufunsa mtengo wa tomato amene sankafuna kugula. Atafika kuseri kwa chigayo anacheuka uku ndi uku, n'kutulutsa m'thumba la jekete chipewa cha ulusi, chija cha alonda, n'kuchivala mpaka m'maso. Unali mwezi wa dzuwa loswa mtengo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ababa sakanatha kusiya, ndicho kupereka moni. Kazitape wangayo, nkhope ili m'chipewa, ankaima pa munthu aliyense wachikulire. "Mwaswera bwanji? Nanga kunyumba? Mwendo uja uli bwanji?" Ndipo anthuwo ankayankha mwaulemu wonse, akuyang'ana pambali, ngati akulankhula ndi mlendo wochokera ku Liwonde.

Sanalowe m'nyumba ya mkazi aliyense. Analunjika ku kachinyumba ka malata kokhala ndi masaka m'mawindo, kamene pa denga pake panali sipika yaikulu ikulavula mfuti ndi mabomba. Pakhomo panali chithunzi chofwifwa cha mzungu wa suti, mfuti ili m'manja. Kunali ku vidiyo.

Ndipo pa khomo pomwepo ndi pamene ukazitape wonse unathera. Ababa analeredwa kuti mwamuna salowa m'nyumba ya munthu chipewa chili kumutu. Anaima, anati "Odi," n'kuvula chipewa chija. Dazi lodziwika chigwa chonse, limene Lamulungu lililonse linkawala kutsogolo kwa tchalitchi, linawala ndi kuwala kwa kanema.

Ndinalowa pambuyo pawo n'kudzipanikiza pa benchi yomaliza. M'katimo munkanunkha thukuta ndi mbatata yootcha. Mwini vidiyo, bambo wonenepa wa kapusi yofiira, anangokodola ndi mutu, anthu n'kusendera. Pakati pa mabenchi panali mpando umodzi weniweni, wotsamira, umene palibe anaukhudza. Ababa anakhalapo ngati aupeza mwangozi. Amene ankatukwana anasiya kutukwana.

Filimuyo inali ya kazitape wina wa boma la kunja, womasuliridwa m'Chichewa ndi mawu a munthu mmodzi amene ankalankhulira onse, amuna, akazi ndi agalu omwe. Kazitapeyo ankalowa m'nyumba za adani atatchena suti, akudzinamiza kuti palibe akumudziwa, pamene adaniwo amudziwa asanakhale n'komwe pansi. Kunyumba sankanena kumene akupita. Ankamenyedwa, kugwetsedwa, kuphulitsidwa, jekete osakwinyika. Atafunsidwa ndi mkazi wina za ntchito yake, anayang'ana patali n'kunena kuti pali zina zimene mwamuna sanena. Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke mokweza.

Maso atazolowera mdima ndinayamba kuzindikira anthu. Panali mphunzitsi wina ataphimba theka la nkhope ndi nyuzipepala. Panali mayi wina wa kwaya, dengu lili pamiyendo, amene kwawo ankadziwa kuti ali pamzere wa chigayo. Panali telala amene pakhomo pa shopu yake pankakhala pali chikwangwani choti wapita ku maliro. Onsewa anali atanama kunyumba, onse anabwera njira zokhotakhota, ndipo onse ankachita ngati sakuonana. Ndinaona kuti anthu okonda kazitape uja samangomukonda. Amamufanana, kungoti iye ali ndi galimoto.

Chimene chinandimaliza n'chakuti kazitapeyo akangoyandikira mkazi mopitirira muyezo, mwini vidiyo ankathamangitsa filimuyo ndi rimoti, maso ali kudenga, mpaka pabwerenso mfuti. Achinyamata ankangopumira m'mwamba, osadandaula. Moti zaka zonsezo ababa ankadziwa kuti kazitape wawoyo ndi munthu wolongosoka, amene ndi akazi amangopatsana moni.

Filimu itatha ndinatsalira, n'kumufunsa mwini vidiyo kuti ababa anayamba liti kubwera.

"Kuyambira tikuonetsa za matepi, asisi," anatero. "Koma chonde musawauze kuti timawadziwa. Angasiye kubwera."

Ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha m'minibasi. Koma nditafika ndinawapeza ababa atakhala kuseri kwa nyumba, pamalo paja, jekete asanavule, manja ali pamaondo. Lichero la amayi linali lopachikidwa pakhoma. Kuseka konse kunandithera, chifukwa ndinamvetsa tsopano nkhani za odwala zimene tinkathamangitsidwira zija. Munthu anali ndi filimu yathunthu m'kamwa, wopanda woti amuuze.

Ndinawauza kuti ndaona zonse, ndipo ndinawapempha kuti akangonena zoona kwa atsibweni. Anadzidzimuka ngati ndawathira madzi ozizira.

"Mkulu wa mpingo ku vidiyo? Pamodzi ndi ana amene ndimawaphunzitsa katekisimu? Ayi, mwananga. Bola andisudzule."

Ndinakwiya, ndipo sindibisa. Munthu wololera kutaya nyumba yake, mango ake, manda a mkazi wake ali pafupi, chifukwa cha chinsinsi chimene ngakhale ogulitsa nzimbe akuchidziwa! Koma mawu a mwini vidiyo aja anandigwira pakamwa.

Tsiku la nkhani tinakhala pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo. Atsibweni anali pa mpando, amayi aang'ono pamphasa atamanga chitenje mwa nkhondo, ababa akuyang'ana nsapato zawo.

"Alamu," anayamba atsibweni, "pa Songani mumakatani?"

Ababa anapitiriza kuyang'ana nsapato zawo. Anafunsidwa kachiwiri, maso ali pansapato pomwepo. Ndinaona atsibweni akugwira mawondo kuti adzuke, ndipo ndinadziwa kuti akadzuka nkhani yatha. Ndinalankhula ndisanapatsidwe mpata.

"Pepani atsibweni. Ababa amapita ku vidiyo. Ndinawatsatira ndekha."

Amayi aang'ono anaomba m'manja kamodzi. "Ha! Tamumvani mwanayu, akuteteza bambo ake. Munthu wa dazi, wa jekete, ku vidiyo? Bodza linalo lizikhalako ndi miyendo, iwe!"

Atsibweni anawayang'ana ababa. "Alamu, ngati n'zoona, tatiuzani. Munakaonako chiyani?"

Ababa anandiponyera diso loti mwana iwe wandigulitsa. Kenako anayamba, motsitsa mawu, ngati akupereka lipoti la ndalama za denga la tchalitchi. Anati panali munthu wina wotumidwa ndi boma lake kukafufuza zigawenga. Anati anamugwira n'kumumangirira pa mpando. Atafika pamene munthuyo anadula zingwe ndi chidutswa cha mbale, dzanja limodzi linanyamuka. Atafika pothamangitsana, manja onse awiri anali m'mwamba. Posakhalitsa mkulu wa mpingo anali ataimirira pansi pa mango, akusonyeza mlatho wautali, adani kutsogolo, adani kumbuyo, pansi mtsinje.

"Ndiye anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku, anakonza tayi..."

"N'kudumphira m'bwato la kabichi," anatero amayi aang'ono, ndi mawu aang'ono kwambiri.

Tonse tinawatembenukira. Nkhondo ija inali itachoka pankhope pawo.

"Anadumphira m'bwato limene linkadutsa pansi, lodzaza kabichi," anapitiriza. "Atatulukamo anadzisasa jekete, n'kumufunsa mwini bwato kuti kabichiyu mukugulitsa bwanji. Achemwali ankatiuza imeneyi kudimba, tikuwokera mpunga, mpaka tinkagwera m'matope ndi kuseka. Lolemba lililonse ankabwera ndi ina. Ankati amazimva pa wailesi." Anawayang'ana ababa. "Ndiye wailesi yakeyo munali inuyo, alamu?"

Ababa anakhala pansi pang'onopang'ono. "Imeneyi ndi imene ankaikonda kwambiri," anatero. "Ankati ndizimufotokozera kawiri."

Amayi aang'ono anadzifunditsa chitenje kumaso, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Ndikuganiza kuti zinali zonse. Nanenso misozi inali itandipeza. Atsibweni anatsokomola, anayang'ana masamba a mango, n'kutsokomolanso.

"Mwambo wosudzula tidzachita nthawi yake ikakwana," anatero. "Koma nyumba iyi, alamu, podontha pake mukupadziwa ndinu. Khalani. Za vidiyozo ife sitinamve."

Ndipo sanamvedi. Mpaka lero sindinamvepo munthu wa m'banja lathu akuzitchula pamaso pa ababa.

Loweruka lotsatira ndinathira makala mu nsimbi n'kusita jekete lija, ndikuzemba pa mkono wopserera. Ababa analivala osandiyang'ana, anapopa njinga, n'kuima pakhonde. Ndinaona nsonga ya chipewa cha ulusi ikusuzumira m'thumba.

"Ndikukaona odwala."

"Mukawapatse moni, ababa."

Atabwerako anandipeza kuseri kwa nyumba, lichero la amayi lili m'manja mwanga, ndikupeta mpunga umene unali wopetapeta kale. Anaima pang'ono, kenako anakoka kampando kawo n'kukhala. Anayamba mwamanyazi, za sitima ya pamtunda ndi chikwama chobedwa, koma pofika pakati manja anali atanyamuka ndipo anali ataiwala kumene ali.

"Ndiye taonani, amake mwana, munthu uja..."

Anaima pomwepo, dzanja lili m'mwamba. Anayang'ana lichero, n'kundiyang'ana ine.

"Pitirizani, ababa," ndinatero. "Ndikumva."