Udzu m'matayala

Amuna anga akamapita kudambo kukapha nsomba ankanyamula ukonde, nkhafi, fodya, ndi mavalavu a njinga yanga. Valavu ndi kachitsulo kaja kamatseka mpweya m'tayala, kochepa ngati nyemba. Ankawerama n'kupotokola lakutsogolo, fyuu, lakumbuyo, fyuu, n'kuponya tizitsulo tonse tiwiri m'kabokosi ka machesi, kabokosiko n'kulowa m'thumba la malaya. Kudamboko ankakhala masiku anayi, nthawi zina sabata yathunthu, njinga ili phwii pakhonde, ine ndikungoiyang'ana.

Njingayo sinali yawo ayi. Inali ya malemu bambo anga, yakuda, yolemera, imene ankanyamulira thonje kupita nalo kumsika. Tsiku limene ndinkatengedwa kupita ku banja, amayi anaikankha okha mpaka pamsewu n'kundigwiritsa mahandulo. Anati, "Kumene ukupitako n'kutali. Iyi ndi miyendo yako. Uzibwera kudzandiona."

Kwathu ndi kumtunda, mbali ya Chikwawa, m'munsi mwa mapiri. Kumeneko mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Ine ndiye ndinakwatiwa kumunsi, mbali ya Nsanje, kumene amalowola, ndipo mkazi ndi ana ake amakhala a kuchimuna. Mudzi wake uli pakamtunda m'mphepete mwa dambo. Uyang'ane uku, bango. Uyang'ane uko, gumbwa ndi madzi, ng'ona zili m'kati. Njira yotulukira ndi imodzi, kamzere kodutsa pakati pa madimba kukafika pamsewu wa miyala, ndipo aliyense wodutsapo amaonedwa ndi mudzi wonse.

Chaka choyamba ndinapita kwathu kawiri. Ulendo wachiwiriwo ndinachedwa ndi tsiku limodzi chifukwa mtsinje unadzaza, ndiye mavalavu anayambira pomwepo. Amuna angawo akuti mkazi wokwera njinga amaona zambiri. Zambiri ziti? Fumbi ndi mbuzi? Tsiku lina ndinabwereka mavalavu kwa mkazi mnzanga woyandikana naye nyumba, ndinangofika kuchigayo n'kubwerera. Amuna anga pobwera anaona mkukuluzi wa tayala pamatope. Zimene zinachitika sindizilemba pano, koma khutu langa lakumanzereli mpaka lero silimva bwino, ndipo m'mudzimo sanapezekenso wondibwereka ngakhale pampu.

Zinatha zaka zinayi ndisanaponde kwathu. Amayi ankatumiza moni kudzera mwa mayi wina wa kwathu wogula nsomba zouma, ine n'kubweza moni, ati tili bwino, ntchito yangochuluka kudimba. Za mavalavu sindinatchulepo. Ndinkachita manyazi. Munthu wamkulu, wa ana awiri, ukanene kuti wamangidwa ndi tizitsulo tiwiri ta m'bokosi la machesi?

Ndiye m'mawa wina, mvula itagwa dzulo lake, mayi wa nsomba uja anandipeza ndikupalira mbatata. Sanakhale n'komwe pansi. Anati, "Mayi ako atulutsidwa kuchipatala, akuti akathere kunyumba. Sakudya. Akungofunsa iwe, ati kodi mwana uja ndinamulakwira chiyani. Ngati ukufuna kuwapeza ndi moyo, ufike lero."

Ndinamulakwira chiyani! Mawu amenewo anandiwotcha kuposa za matendazo. Amayi anga afe akuganiza kuti ndinawataya dala? Amuna anga anali ndi masiku awiri ali kudambo. Wapansi sukanafika dzuwa lisanalowe, ndipo m'manja mwanga munalibe cholipira njinga yamoto. Ndinaima pakhonde, khasu lili m'manja, n'kukumbukira bambo. Minga ikawabayira tayala kutali ndi mudzi, sankadandaula. Ankatulutsa chubu, n'kupakira udzu m'tayalamo mpaka kulimba, n'kukwera.

Ndinagubuduza njinga miyendo m'mwamba, n'kutegula matayala ndi masupuni awiri, machubu n'kuwataya apo. Ndinamweta udzu kuseri kwa khola, n'kumaupota, n'kumaukanikiza ndi chala mpaka chikhadabo chinang'ambika. Apongozi anga aakazi, amayi a amuna anga, anatuluka m'nyumba mwawo atagwira m'chiuno.

"Mukupita kuti, amayi a mwana?"

"Kwathu. Amayi ali kayakaya."

"Nkhabe! Sizitheka. Mwini wake kulibe. Mudikire abwere."

"Imfa nayo idikira abwere?"

Anaitana ana anga awiri, wamkulu wa zaka zinayi ndi wamng'ono amene anali atangosiya kuyamwa, n'kuwaimika kumbuyo kwawo. Anati, "Pitani. Koma awa ndi apano." Wamng'onoyo anayamba kulira. Ndinamanga chitenje molimba, n'kukankha njinga osacheuka. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Njinga ya udzu musaiyese. Siyenda mopepuka ngakhale pang'ono, ukapalasa imakhala ngati wina akuikoka kumbuyo. Ndiye onjezani makande a kumunsi kuno, dothi lakuda lija likanyowa. Sindinayende patali, matope anadzaza m'madigadi, zitsulo zija zophimba matayala, magudumu gwa, osazungulira. Kutsika, kutokosa ndi kamtengo, kukwera, kuyenda pang'ono, gwa. Uku madzi, uko madzi, pothawira matope palibe. Pena ndinaisenza paphewa, miyendo ikumira mpaka m'akakolo, udzudzu ukundidya dzuwa likuwala. Ndinaitukwana njingayo, ndinatukwana makande, ndinatukwana bokosi la machesi ndi mwini wake, mokweza, poti wondimva anali akakowa okha.

Pamsewu wa miyala ndinafika dzuwa litakwera. Ndinkayesa kuti apa ndiye ndapuma. Ha! Mwala uliwonse unkandifika m'mano. Msewu wake ndi wa mabampu aang'onoang'ono aja osatha, njinga imangoti gudugudu, mikono kuchita dzanzi. Udzu unatekedzeka, n'kuyamba kutuluka madzi obiriwira m'mbali mwa tayala, kenako chitsulo chinayamba kugunda pansi. Kutsika, kumweta wina m'mbali mwa msewu, kutegula, kupakira. Ndinachita zimenezi kanayi. Kachinayiko ndinapeza udzu wouma wofolerera umene wina anaunjika pafupi ndi msewu, ndinasolola manja awiri, Mulungu andikhululukire, ndipo umenewo ndiwo unalimba.

Pamsika wina amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa okonza njinga. Ataona udzu ukulendewera m'matayala anayamba kuseka. Wina anakuwa, "Mayi, njinga yanuyo mwaidyetsa msipu, muimwetsenso madzi!" Ndinamuyankha kuti ikakhuta ndidzamubweretsera zotsala adye iye. Anzake anamuseka. Wokonza njingayo anandikodola kuti ndiime andithandize, koma akanathandiza chiyani, machubu ndinawasiya pakhonde? Ndiponso akanafunsa kuti zatani, ine ndikanayamba kulira pamaso pa anthu.

Njira yonse ndinkakonza mawu. Amayi, sindinakutayeni. Amayi, ndimvereni. Ndikafika pakati pa mawuwo manyazi ankandigwiranso, n'kuyambiranso. Pamtsinje wa mchenga, pamene mlatho unakokoloka kalekale, ndinawoloka madzi akulekeza m'mawondo, njinga ili paphewa. Kutsidyako ndinakumana ndi amayi awiri a m'mudzi mwathu atasenza nkhuni. Ndinachita mantha, poti nkhuni zambiri chotero zimapita pamaliro. Ndinalephera kufunsa. Mmodzi anandizindikira, anati, "Fulumira, akadalipo."

Ndinawapeza panja. M'nyumba munkatentha, ndiye azakhali anga, alongo awo a bambo, anawagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Amayi anga amene ankasenza thumba la mapira okha anali atatsala mafupa. Ndinagwetsa njinga pambali pa mphasayo n'kugwada. Ananditembenukira pang'onopang'ono.

"Wabwera?"

"Ndabwera, amayi."

"Ndimayesa njinga ija unagulitsa."

Mawu onse ndinakonza m'njira aja anathawa. Koma maso awo anali atachoka kale pa ine, anali pa gudumu limene linali pafupi ndi mutu wawo. Anatambasula dzanja n'kusolola kaudzu kamodzi m'tayalamo. Anakhala zaka zambiri ndi mwamuna wopakira udzu m'matayala, ankadziwa kuti minga sibaya onse awiri tsiku limodzi.

"Lakumbuyonso?"

"Lakumbuyonso."

"Minga?"

"Ayi, amayi. Mavalavu."

"Ali kuti?"

"M'thumba mwa akamwini anu."

"Kuyambira liti?"

"Chibwerereni kuno ulendo womaliza uja."

Anatseka maso. Misozi inatsikira m'khutu. Azakhali anayamba zoti banja n'kupirira, amayi anakweza chala kuwaletsa. Anandigwira dzanja, lija la chikhadabo chong'ambika, n'kumalisisita. Anati, "Ine ndimati wandiiwala. Pepa, mwana wanga." Iwo kupepesa ine! Ndinalira ngati mwana wakhanda, mutu uli pachifuwa pawo. Patapita kanthawi anati, "Usabwerereko." Kenako anafunsa kuti ana ali kuti. Nditawauza kuti apongozi anawagwira, sanabwerezenso mawu ajawo. Anangondigwira dzanja.

Anakhala masiku awiri. Ndinawamwetsa phala ndi supuni, ndinawasambitsa, ndinawapesa tsitsi. Lachitatu m'mawa anatisiya. Amuna anga anabwera pamaliro atavala jekete, anakhala ndi amuna anzawo, ananyamula nawo bokosi la maliro, anthu n'kumati koma mkamwini uyu ngwaulemu. Titasesa, anatulutsa machubu awiri aja m'chikwama ndi mavalavu m'kabokosi kaja, anawabwezera m'matayala pamaso pa abale anga, anapopa bwinobwino, n'kunena kuti ana akulira kunyumba. Ndinakwera pakaliyala ya njinga ya bambo anga, iwo akupalasa, tinadutsa msewu womwe uja.

Papita zaka tsopano. Ana akula, wamkulu ali kusukulu. Ndikulemba izi m'kope lake lakale, nditakhala pakhonde lomwe lija. Amuna anga anapita kudambo dzana, ananyamula ukonde, nkhafi ndi fodya. Njinga ili apa, matayala onse awiri ali ndi mpweya wolimba, ukawadina ndi chala sakulowa. Chimwalirireni amayi, mavalavu sanawachotsenso ndi tsiku limodzi lomwe. Akudziwa kuti kopita ndilibe.